Ndiwo ya Matimati Yosafuna Moto

Mwezi wa Seputembala ukafika, madimba a ku Angónia ndi ku Tsangano amafiira ndi matimati. Tonse timathyola nthawi imodzi. Pa msika wa Ulónguè madengu amachuluka kuposa ogula, mtengo n'kugwa. Madzulo timabwerera nawo kunyumba, mawa lake ayamba kuola. Thukuta la miyezi itatu likuthera kudzala, pamene ana akudya nsima ndi nyemba zokhazokha. Abale, kodi zimenezi n'zabwino?

Lero tiphunzire njira ina yodyera matimati athu. Njira imeneyi sifuna nkhuni, sifunanso mafuta.

KUMENE INACHOKERA

Kutsidya kwa nyanja yaikulu ya Atlantic kuli dziko la Mexico. Alimi a kumeneko anayamba kulima matimati kalekale. Liwu la Chipwitikizi loti tomate linachokera ku liwu lawo loti tomatl. Chimanga ndi tsabola nazonso kwawo n'ku America. Zonsezi zinafika ku Africa pa zombo pambuyo pa chaka cha 1492.

Anthu a ku Mexico amadula matimati, anyezi ndi tsabola zosaphika, n'kufinyirapo ndimu. Ndiwo imeneyi amaitcha salsa, ena amati pico de gallo. Amadyera timikate ta chimanga totchedwa tortilla. Enafe tinaionapo m'tauni, pamene amaotcha nyama. Kumeneko amati kachumbali.

ZOFUNIKA PA BANJA LA ANTHU 6

Matimati 6 akupsa koma olimba.
Anyezi 1.
Tsabola 1 kapena 2.
Ndimu 1.
Mchere pang'ono.
Amene anabzala coentro angaikemo masamba ake.

KAKONZEDWE KAKE

1. Tisambe m'manja ndi sopo. Titsukenso mpeni, mbale ndi thabwa lodulirapo.
2. Titsuke matimati, tsabola ndi ndimu ndi madzi abwino. Anyezi tisende kenaka titsuke.
3. Tidule anyezi tizidutswa ting'onoting'ono. Tiike m'mbale, tithire mchere ndi madzi a ndimu. Tidikire pang'ono kuti ukali wa anyezi uchepe.
4. Tidule matimati tizidutswa tonga njere za chimanga. Ngati ali ndi madzi ambiri, tichotse nthanga zake n'kukaziika mu mphika wa nyemba. Osataya ayi.
5. Tidule tsabola. Tikachotsa nthanga zake sawawa kwambiri. Ya ana tiipatule tisanaikemo tsabola. Tikatero tisambenso m'manja, tingadzigwire m'maso.
6. Tisakanize zonse, tivundikire mbale. Pakapita mphindi 10, basi ndiwo yatheka.

Imakoma ndi nsima ya nyemba, usipa, mazira, mbatatesi kapena chinangwa chophika.

UBWINO WAKE

M'matimati, m'tsabola ndi m'ndimu muli vitamini C. Chakudya chikabwata nthawi yaitali, vitamini imeneyi imachepa. Tikadya zosaphika timaipeza yambiri. Vitamini C imathandiza zilonda kupola ndiponso imalimbitsa nkhama. Imathandizanso thupi kutenga ayironi amene ali mu nyemba ndi m'masamba. Ayironi ndiye amapanga magazi. Nchifukwa chake ndiwo iyi pambali pa nyemba ndi yabwino kwa amayi oyembekezera ndi ana.

KOMA TICHENJERE

Moto umapha tizilombo toyambitsa kutsegula m'mimba. Ndiwo yathuyi siona moto. Tsono ntchito ya moto tiigwira ndife, ndi manja oyera ndi madzi abwino.

Madzi a m'chitsime cha kudimba si otsukira ndiwo yosaphika. Ng'ombe zimamwa pomwepo, ndipo mvula imakokololeramo zonyansa. Madzi otsukira akhale owiritsa kapena othira mankhwala a Certeza. Tikathira Certeza tidikire mphindi 30. Muyeso wake walembedwa pa botolo.

Ena amati ndimu imapha zonse. Si zoona. Ndimu imakometsa, koma silowa m'malo mwa sopo ndi madzi abwino.

Timati losweka kapena loyamba kufewa lipite mu mphika. Loola lipite ku dzenje la manyowa. Mpeni umene wadula nyama kapena nsomba yaiwisi usakhudze matimati usanatsukidwe. Ndiwo iyi sigona. Tikonze yokwanira kudya nthawi yomweyo, isakhale kupitirira maola 2. Ikatsala tiiphike.

Tikukumbuka kolera imene inayamba ku Niassa mu 2022, kenaka n'kufika ku Tete ndi zigawo zina. Kolera ikamveka m'mudzi, zosaphika tiyambe tazisiya. Zonse ziziona moto mpaka a zaumoyo atanena kuti matenda atha.

MANKHWALA A KUDIMBA

Pali chinthu china chimene madzi sangachotse chonse: mankhwala opopera. Enafe timapopera lero, mawa n'kuthyola. Kutero n'kudyetsa ana athu poizoni. Pa botolo lililonse analembapo masiku oyenera kudikira tisanathyole. M'Chipwitikizi amalemba kuti intervalo de segurança. Masikuwo amasiyana, botolo lina ochepa, lina ambiri.

Kale tinkangofunsa wogulitsa. Tsopano manambala tikuwadziwa. Tiwerenge tokha, tilembe m'kope tsiku limene tapopera, tiwerengere masiku. Mu kooperativa tisankhe munthu mmodzi wosunga kope limeneli, ndipo tisiye mzere umodzi wa matimati a kunyumba pafupi ndi khonde.

TIKAMBIRANE

1. Kodi ndiwo iyi imafuna zinthu zingati? Tizilembe.
2. Madzi otsukira ndiwo timatunga kuti?
3. Tapopera pa 3 Seputembala. Botolo likuti tidikire masiku 7. Tidzathyola tsiku liti?

Sabata yamawa aliyense abwere ndi timati limodzi. Sopo, ndimu ndi madzi owiritsa tidzapeza pano. Tidzakonza limodzi, tidzalawa limodzi.