Mphaka Mmodzi Akadwala Mkodzo, Mbale Zisiyane

Amayi anzanga, mukamawerenga matumba a chimanga amene mwakolola, mumawakumbukira alonda ake? Kuno ku Kasungu makomo ambiri ali ndi amphaka awiri, atatu, ena mpaka asanu. Ndiwo amapirikitsa makoswe m'nkhokwe ndi pa matumba a mtedza, ndiwonso amagona m'zigafa fodya akamadikira ulendo wa ku Chinkhoma. Malipiro awo ndi mkute ndi mitu ya usipa, zothiridwa m'mbale imodzi kuseri kwa khitchini.

Chilimwe chathachi mng'ono wanga wa ku Santhe anandiimbira foni usiku. Mwa amphaka ake anayi, wamphongo wamkulu ankangonjuta pamchenga, kuchima ndi kulira, koma osatuluka kanthu. Anati, "Achemwali, wadzimbidwa ameneyu. Ndimupatse theka la Panado?" Ndinamuletsa, ndipo ndinamuuza kuti afune a zaziweto kukangocha. Koma mphakayo anali atayamba dzana lake, ndipo m'mawa anamupeza atafa pansi pa nkhokwe. Patapita milungu itatu, wamphongo wachiwiri anayamba kukodza madontho a magazi.

Ine ndine namwino ndi mzamba, osati dokotala wa ziweto, koma impso ndi chikhodzodzo zimagwira ntchito mofanana mwa munthu ndi mwa mphaka. Zimene tinaphunzira pa wachiwiriyo ndi izi.

Vutoli limachokera kuti?

Mphaka ndi mbale wake wa vumbwe, nyama yozolowera kupeza madzi m'nyama imene yagwira. Thupi la khoswe kapena mbewa, pafupifupi magawo 7 mwa magawo 10 ndi madzi. N'chifukwa chake mphaka samva ludzu msanga ngati galu. Tikamamudyetsa zouma zokhazokha, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala pamene madambo aphwa, mkodzo wake umachepa n'kukhala wokhathamira. Mumkodzo wotere mumapangika timiyala tonga mchenga. Nsomba zouma zodyedwa ndi minga yomwe zili ndi michere yambiri imene imapanga timiyalati.

Chinanso ndi nkhawa. Amphaka akachuluka pakhomo amalimbirana mbale, madzi ndi pogona. Wofatsa amakhala mwamantha, ndipo mwa amphaka mantha otere amatha kutupitsa chikhodzodzo ngakhale mulibe tizilombo.

Wamkazi amavutika, koma njira yake ya mkodzo ndi yaifupi ndi yotakasuka. Ya wamphongo ndi yaitali ndi yopapatiza, choncho imatsekeka. Ikatsekeka, impso zimaleka ntchito, poizoni amadzaza m'magazi, ndipo mphaka amatha kufa m'masiku awiri kapena atatu.

Zizindikiro

Mphaka amanjuta kawirikawiri, akukodza pang'onopang'ono kapena mkodzo wamagazi. Amadzinyambita kunsi kwa mchira, ndipo amayamba kukodza pamalo achilendo monga pamphasa kapena pamatumba. Musamumenye, akudwala. Koma wamphongo akamachima osatulutsa ngakhale dontho, akusanza, wafooka ndipo kumunsi kwa mimba kwalimba, chakudya sichingathandizenso. Pitani naye tsiku lomwelo kwa alangizi a ziweto a m'dera lanu kapena ku ofesi ya zaziweto pa boma. Ku Lilongwe kulinso chipatala cha ziweto cha bungwe la LSPCA. Musachite manyazi kuti anthu akusekani poyenda ndi mphaka m'katoni. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Kudyetsa wodwala pakati pa anzake

Apa ndiye pali ntchito, chifukwa mukapatsa mmodzi chakudya chabwino, anzake amphamvu amamulanda.

Lekani mbale imodzi ya onse. Mphaka aliyense akhale ndi kambale kake, ngakhale chivindikiro cha poto wakale, ndipo muziike motalikirana kuti asamaonane akamadya. Wodwalayo mutsekereni m'khitchini kapena m'chipinda, adye yekha mosathamanga. Pakatha mphindi 20 chotsani mbale zonse, kenako mutsegulireni. Adyetseni nthawi zodziwika, kawiri kapena katatu pa tsiku. Mng'ono wanga anapereka ntchitoyi kwa mdzukulu wake wa Sitandade 5, ndipo pasanathe sabata mphaka aliyense ankadziwa pake.

Chakudya cha wodwala chikhale chonyowa. Mukamaphika nyama, nkhuku kapena nsomba zaziwisi, mutapireni kachidutswa ndi msuzi wake musanathire mchere, anyezi ndi adyo. Anyezi ndi adyo zimawononga magazi a mphaka, choncho zotsala za ndiwo zathu si zabwino kwa iye. Dzira lowiritsa limathandizanso. Usipa, bonya kapena matemba muchepetse, ndipo muziyamba mwaviika n'kuwiritsa popanda mchere. Nsima ikhale yochepa, yofewetsedwa ndi msuzi, pakuti thupi la mphaka linalengedwera nyama. Sinthani pang'onopang'ono kwa sabata imodzi. Mphaka akakana kudya masiku awiri, kaonaneni ndi a zaziweto, chifukwa njala imamuwononga chiwindi. Ngati adokotala akulemberani chakudya chapadera cha m'paketi, n'chodula ndipo si cha tiana ta mphaka kapena wamkazi wa bere. Kudyetsa padera kudzakupulumutsirani ndalama.

Madzi ndiwo mankhwala aakulu. Mphaka wa makilogalamu 4 amafunika pafupifupi mamililita 200 pa tsiku, kuphatikiza a m'chakudya, kapu imodzi yaing'ono. Ikani madzi oyera pamalo atatu kapena anayi pamthunzi, kutali ndi mbale zodyera, kuti wankhanza asathe kulondera onse. Mkaka si madzi, ndipo amphaka ambiri akuluakulu umawatsegula m'mimba.

Thiraninso mchenga pamalo angapo obisika. Pamenepo mudzatha kuona ngati wodwalayo akukodza.

Chenjezo la mzamba

Panado, amene timamudalira tonse, ndi poizoni kwa mphaka. Mbulu umodzi ungathe kumupha. Musamufinyenso mimba kuti mkodzo utuluke, chikhodzodzo chingaphulike.

Inu amayi oyembekezera, ntchito yowola mchenga wa amphaka isiyireni ena. M'chimbudzi cha mphaka mumatha kukhala tizilombo ta toxoplasmosis, timene tingavulaze mwana m'mimba. Wowolayo azichita tsiku lililonse ndi fosholo, n'kusamba m'manja ndi sopo. Katemera wa chiwewe akabwera m'mudzi, amphaka apitenso, osati agalu okha.

Wamphongo wachiwiri wa ku Santhe uja ali moyo, ndipo akugwira makoswe. Pa 4 Okutobala Mpingo umakumbukira Fransisko Woyera wa ku Assisi, amene ankakonda zolengedwa zonse za Mulungu, ndipo ndi nthawi imene dzuwa limayamba kuswa mtengo kuno kwathu. Mukakumana kumphakati sabata imeneyo, funsanani: kodi alonda a chimanga chathu tawaikira madzi?