Mphira wa pa Citseko ndi Resistor

Aphunzitsi ndi ana asukulu, lero tiphunzira za kanthu kakang'ono kamene kali ndi nchito yaikuru.

M'mawailesi ndi m'makompyuta muli tizipangizo timene timalankhulana kudzera m'mawaya awiri. Njira imeneyi, dzina lake I2C, inakonzedwa ndi kampani ya Philips m'caka ca 1982. Kacipangizo kena kamayendera mavoti 5, kanzake mavoti 3.3, ndipo pakati pao amaikapo kena komasulira uthenga mbali zonse ziwiri. Tonseti timangodziwa kutsitsa mphamvu ya pa waya. Coikwezanso ndi resistor, imene imaikidwa mbali iriyonse.

Taganizani za citseko comangidwa ndi mphira wa cubu ca njinga. Mphira ukakhala wofooka, citseko cimabwerera mocedwa. Ukalimbitsitsa, mwana sangacitsegule.

Resistor nayo iri cimodzimodzi. Ya maohm ambiri imakoka mofooka: mphamvu imakwera mocedwa, uthenga wotsatira nkuipeza isanafike, mau nkusokonezeka. Ya maohm ocepa imakoka kwambiri, ndipo kacipangizo, kamene malire ake ndi mamiliampere 3, kamalephera kutsitsa mphamvuyo. Ndico cifukwa cake pa mavoti 5 amisiri satsika kupitirira maohm pafupifupi 1,500. Uthenga ukamayenda mwapang'onopang'ono amakonda maohm 4,700. Ukafulumira, kapena waya akatalika, amatsikira ku 2,200.

Aphunzitsi, mangani mphira pa citseko ca kalasi, ana ayese wofooka ndi wolimba, anene okha umene wayenera.