Kalata Yopita ku Mount Pleasant

Alangizi anzathu amene anafikako ku Harare m'nyengo ya dzinja akudziwa kuti ku Mabvuku, Tafara, Mufakose ndi Dzivaresekwa chimanga chimamera paliponse pamene pali dothi: m'madambo, m'mbali mwa misewu, ngakhale kunsi kwa mawaya a magetsi. Ambiri mwa olimawo ndi zidzukulu za anthu a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia amene anapita kukagwira ntchito m'nyumba za azungu, ndipo poti alibe mudzi m'dzikomo, kachigawo ka m'damboko ndiye munda wao wokhawo. Kumeneko Chinyanja chikumvekabe, ndipo Gule Wamkulu akuvinidwabe.

Ena mwa ana a m'makomo amenewa atsiriza digiri yoyamba ya zaulimi, ndipo akufuna yachiwiri. Chimene chimawagwetsa kawirikawiri ndi funso limodzi la pa fomu yopemphera thandizo la maphunziro: kodi munagwirapo ntchito yofufuza, ndipo ndani angakuchitireni umboni? Mwana amene makolo ake sadziwana ndi pulofesa aliyense amangoti kakasi.

Chonsecho akatswiriwo sali kutali. Yunivesite ya Zimbabwe ili ku Mount Pleasant. Inalandira chikalata chake mu 1955 ikutchedwa University College of Rhodesia and Nyasaland. Bungwe la CIMMYT lakhala likufufuza za chimanga pa msewu wa ku Mazowe kuyambira 1985. Ndi mumzinda womwewu mmene mbeu yotchuka ija ya SR52 inatulukira mu 1960. Chosowa ndi kalata yabwino basi.

Kalatayo ikhale yaifupi, yopita kwa munthu mmodzi, dzina lake ndi udindo wake zitalembedwa molondola. Mphunzitsi amazindikira msanga kalata imene yatumizidwa kwa anthu makumi awiri nthawi imodzi, ndipo saiyankha. Wolembayo ayambe wawerenga chimodzi mwa zimene katswiriyo analemba, nanene chimene chamugwira mtima mmenemo. Kenaka atchule masiku amene angapezeke ndi ntchito imene manja ake akuidziwa. Alembe mu Seputembala kapena Okutobala, minda yoyesera mbeu isanabzalidwe, pakuti manja amasowa kwambiri mu Januwale ndi Febuluwale, chimanga chikamatulutsa ngaiyaye. Pa nthawiyo pamafunika anthu ovundikira zisononkho ndi timatumba ndevu zisanatuluke, kutenga mungu m'mawa ndi kulemba nambala ya mzere uliwonse mosalakwitsa. Ndi ntchito yotopetsa, ya padzuwa, koma mbeu yatsopano imabadwira pamenepo. Pakapita masabata awiri popanda yankho, alembenso kamodzi mwaulemu, kenaka ayese kwina.

Chimene achinyamatawa amabisa m'kalata zao ndicho chuma chao chenicheni. Amachita manyazi kunena kuti anakulira m'munda wa m'dambo ku Tafara. Komatu Beacon Mbiba analemba buku lathunthu mu 1995 lonena za ulimi wa m'tauni ku Zimbabwe, ndipo mu 2002 akuluakulu a mizinda anagwirizana ku Nyanga kuti ulimiwu uzivomerezedwa. Agogo amene amakumbukira zaka zimene khonsolo inkatchetcha chimanga chosakhwima safulumira kumasukira mlendo wonyamula mapepala. Mdzukulu wao akawafunsa m'Chinyanja kuti, "Agogo, mbeu imeneyi munaitenga kuti, nanga mbozi zija za 2017 munathana nazo bwanji?" amayankha zonse, mpaka ndi phulusa limene anathira m'nsonga mwa chimanga. Wofufuza wa ku Mount Pleasant sangaugule mwayi wotere.

Pali chinthu chimodzi chimene sitiyenera kuchibisa. Ntchito yongodzipereka siili yaulere kwa woigwira. Kuchoka ku Mabvuku kufika ku Mount Pleasant ndi maminibasi awiri, kudutsira m'tauni, ndipo madzulo ndi chimodzimodzi. Choncho asanayambe afunse poyera ngati padzakhala ndalama yoyendera, ntchitoyo idzatha liti, ndiponso ngati adzapatsidwa kalata ya umboni yotchula zimene anachita. Amene wagwira dzinja lonse natuluka wopanda kalata imeneyi wangolima ganyu wosalipidwa.

Apa ndi pamene inu alangizi mukufunika, kaya ndinu a AGRITEX, a ku Chipata, ku Angónia kapena ku Lilongwe kufupi ndi Chitedze ndi Bunda. Ofufuza amene amabwera kudzaika minda yachitsanzo m'dera lanu mumawadziwa maina. Muwerengereni mnyamata kapena mtsikanayo kalata yake asanaitumize, ndipo ngati munamuonapo akugwira ntchito m'munda, onjezani mizere iwiri yanu ndi kusaina dzina lanu pansi pake.