Madzi a pa mjigo angathe kufoola sola yanu

Chilimwe chikafika, alimi amene amathirira madimba ndi mapampu a sola amavutika ndi fumbi lomwe limakwirira magalasi. Ambiri amangotunga madzi pa mjigo nkuwakhuthulira pagalasi dzuwa lili paliwombo. Fumbi limachokadi, koma pakapita masabata angapo galasi limayamba kuchita mawanga oyera omwe satheka ndi sopo. Mawangawa amatchinga kuwala kwa dzuwa, pampu imayamba kukoka madzi mofooka ndipo tomato kapena chimanga cha m'dimba chimafota pamene mlimi anataya ndalama zambiri pogula zipangizozi.

Gwero la vutoli ndi madzi omwewo. Madzi a pansi panthaka amadutsa m'miyala ndipo amasungunula michere iwiri, kashiamu ndi maginiziyamu. Izi zimachitika kwambiri kumene kuli miyala ya laimu, monga mbali zina za boma la Balaka komwe anthu amaotcha laimu. Madziwo akauma pagalasi, micherezo imatsala itakangamira. Ndi zomwezi zimene zimachita nkhambakamwa yoyera m'ketulo, m'matambula ndi pa magalasi a mawindo.

Kuti mudziwe ngati madzi anu ali otere, thirani madzi a pa mjigo m'botolo limodzi ndi a mvula m'botolo lina. Ikani kachidutswa ka sopo mofanana ndipo mukhutchumule. Ngati a pa mjigo sakuchita thovu koma angoyera ngati mkaka wosungunula, dziwani kuti laimu ndi wambiri.

Tisasokoneze vutoli ndi la madzi a mchere omwe amapezeka m'mijigo ina ku Chikwawa ndi Nsanje. Mchere wa mtundu wa m'ndiwo ukauma pagalasi umachoka ndi madzi abwino okha. Laimu sachoka choncho, amafuna chinthu chowawasa.

Viniga woyera wa m'golosale ndiye mankhwala apafupi. Pa matambula ndi mawindo, sakanizani kapu imodzi ya viniga ndi kapu imodzi ya madzi, nyowetsani nsalu, iyaleni pa mawangawo kwa mphindi 10 mpaka 15, kenaka tsukuluzani ndi kupukuta. Ngati viniga palibe, madzi a mandimu osefa bwino amagwiranso ntchito.

Pa sola pamafunika kusamala chifukwa magalasi ambiri ali ndi kachikutiro kopyapyala kothandiza kuti kuwala kulowe. Sakanizani kapu imodzi ya viniga ndi makapu 8 a madzi, pakani ndi nsalu yofewa, ndipo musalole kuti zikhalitse pa chitsulo cha m'mbali kapena kufika ku mawaya. Tsukuluzani ndi madzi ambiri. Ngati sola idakali pa galanti, yambani mwafunsa amene anakugulitsani.

Musakweche galasi ndi mchenga, phulusa, mpeni kapena sitiliwulo. Galasi likakandika silibwereranso ndipo fumbi limakhazikika m'mikwingwirimamo. Chachiwiri, musasakanize viniga ndi Jik, chifukwa zimatulutsa mpweya wa kolorini womwe umawononga maso ndi mapapo.

Kupewa nkosavuta. Tsukani sola m'mamawa kapena madzulo galasi litazizira. Masana madzi amauma musanapukute, komanso madzi ozizira pagalasi lotentha angathe kulichititsa ming'alu. Mukatsuka pukutani nthawi yomweyo, musasiye kuti dzuwa liumitse. Nthawi ya dzinja tcherani madzi a padenga m'migolo yotseka, poti madzi a mvula alibe laimu. Mgolo umodzi wa malita 200 ungakwanire kutsukira magalasi ochepa kwa miyezi ingapo. Kuphitsa madzi kumathandizanso chifukwa laimu wina amadikha pansi pa poto. Onetsetsaninso kuti sipulinkala sakuwazira pa sola pothirira.

Laimu yemweyu amatseka timabowo ta mapaipi othirira modontheza ndi kukamwa kwa sipuleya. Viikani kakamwa ka sipuleya mu viniga usiku wonse m'malo mokatokosa ndi waya, chifukwa waya amakulitsa bowo ndipo mankhwala amatuluka mopyola muyeso.

Mawanga akakhalitsa miyezi yambiri amadya galasi ndipo viniga sathanso kuwachotsa. Choncho yenderani sola yanu sabata iliyonse, ndipo pampu ikapitirira kufooka galasi lili loyera, kaonaneni ndi mlangizi wa zaulimi kapena mmisiri wa sola m'dera lanu.