Chinzonono: jakisoni wa bambo yekha sachiza banja

Mwamuna akatenga chinzonono sachedwa kudziwa. Pakapita masiku awiri, asanu, mwina sabata kuchokera tsiku lomwe anagonana ndi wodwala, kukataya madzi kumasanduka ntchito yokukuta nayo mano. Mkodzo umawotcha, ndipo podzuka m'mawa amapeza kabudula wamkati wathimbirira ndi mafinya achikasu kapena obiriwirako. Anzake pabawo akaona mayendedwe ake amangonong'onezana kuti mkuluyu wapsa. Ululu wake ndi woti ngakhale bambo amene amadana ndi mzere wa kuchipatala amayamba kufunsafunsa kumene angapeze thandizo.

Mkazi amene amagona naye mphasa imodzi nthawi zambiri samva kalikonse. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena poyera kuti amayi ambiri amene ali ndi chinzonono saona chizindikiro chilichonse. Ena amaona chikazi chasintha mtundu, timagazi tikudontha masiku osamba asanakwane, kapena kumva kuwawa pogonana. Zoterezi amayi ambiri amangoziika m'gulu la mauka, n'kupita kwa agogo odziwa zitsamba, apo ayi kungopirira. Ndiye m'nyumba imodzi muli odwala awiri, wina wobuula wina wachete, ndipo mankhwala amalandira ndi wobuulayo.

Tisanamizane, si nthawi zonse pamene matendawa amalowa m'nyumba kudzera mwa bambo. Alipo amayi amene amabwera nawo, ndipo alipo ena amene analowa nawo m'banja osadziwa, atawatenga kalekale kwa chibwenzi chomwe anachiiwala. Koma alowere kulikonse, amene amalipira mtengo waukulu ndi mayi ndi khanda lake.

Chimayambitsa matendawa ndi bakiteriya wotchedwa Neisseria gonorrhoeae, amene dokotala wachijeremani Albert Neisser anamuona koyamba pamakina oonera tinthu ting'onoting'ono mu 1879 mumzinda wa Breslau, womwe lero ndi Wrocław ku Poland. Tizilomboti timakonda malo onyowa ndi ofunda a m'thupi: njira ya mkodzo, khomo la chiberekero, kotulukira chimbudzi, kukhosi ndi m'maso. Tikatuluka kunja n'kuuma timafa msanga. Choncho zimene ena amauza akazi awo, zoti anatengera pachimbudzi cha kuntchito kapena anakodza pomwe anakodza wodwala, ndi nthano zozimitsira mlandu. Chinzonono chimayenda pogonana popanda kondomu, kaya ndi kumaso, kumbuyo kapena m'kamwa, komanso kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana pobereka. WHO inawerengera kuti m'chaka cha 2020 chokha anthu pafupifupi 82 miliyoni a zaka 15 mpaka 49 anatenga matendawa, ndipo Africa ndi chimodzi mwa zigawo zomwe zili patsogolo. Thupi silizolowera n'kuyamba kudziteteza monga limachitira ndi chikuku. Wachira lero akhoza kutenganso mwezi wamawa.

Mwa mayi, tizilomboti timayamba ndi kukhazikika pakhomo la chiberekero. Tikasiyidwa timakwera, kulowa m'chiberekero mpaka m'machubu awiri omwe dzira limadutsamo. M'menemo timatupitsa ndi kuchititsa mafinya. Mayi wina amagwidwa ndi ululu wa m'munsi mwa mchombo ndi kutentha thupi, n'kumayenda chowerama. Wina amangomva kupota kwa apo ndi apo, n'kumati ndi ntchito ya kumunda. Kutupa kukatha m'machubu mumatsala zipsera, ndipo njira yomwe inali yopyapyala kale imatsekeka.

Machubu onse awiri akatsekeka, mimba siingaimenso. Zaka zimapita, apongozi amayamba kuyang'ana pamimba pa mkamwana wawo nthawi iliyonse akabwera, ankhoswe amakhala pansi, ndalama zimathera kwa asing'anga ndi kumapemphero a usiku. Dzina loti wosabereka limamatidwa pa mayi, pamene mwamuna amene anabayitsa jakisoni mwakachetechete zaka zisanu zapitazo akukhala nawo pabwalo lomwelo ngati wolakwiridwa. Chubu chikangotsekeka pang'ono pali ngozi ina. Dzira lokumana ndi umuna limakanirira panjira, mimba n'kuyamba kukula m'chubumo. Chubu chikaphulika magazi amatayikira m'mimba, ndipo mayi amene ali kutali ndi chipatala chochita opaleshoni akhoza kumwalira tsiku lomwelo.

Anamwino a kumatenite amachidziwa chinzonono kudzera m'maso mwa makanda. Mwana amabadwa bwinobwino, koma pakati pa tsiku lachiwiri ndi lachisanu zikope zimafufuma n'kumatirirana. Mukazikanula pang'ono mafinya okhuthala amatuluka, mukapukuta amabweranso nthawi yomweyo. Kumudzi ena amafinyiramo mkaka wa m'mawere n'kumadikira. Masiku odikirawo ndi amene tizilomboti timadya galasi la diso, ndipo mwana akhoza kukhala wosaona moyo wake wonse. Ku Ulaya matendawa ankadzaza sukulu za ana osaona mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1880, pamene dokotala Carl Credé wa ku Leipzig anayamba kudonthezera mankhwala a silver nitrate m'maso mwa mwana aliyense wobadwa kumene. Kamafuta ka tetracycline komwe anamwino athu amapaka m'maso mwa khanda likangobadwa ndi mwambo womwewo. Mwana wobadwira kunyumba kapena panjira kamafutaka kamamuphonya. Ndipo maso akatupa kale, kamafuta kokha sikakwanira: mwanayo amafunika jakisoni, mayi ake ndi bambo ake nawonso.

Abambo nawo asadzinamize kuti kwawo ndi kuwotcha kokha. Mafinya akasiya okha sindiye kuti tizilombo tafa. Timatha kutsikira kumachende n'kuwatupitsa, kapena kusiya zipsera m'njira ya mkodzo moti patapita zaka munthu amaima nthawi yaitali kuchimbudzi, mkodzo ukungodontha. Mwa anthu ochepa, amuna ndi akazi omwe, timalowa m'magazi n'kutupitsa mawondo ndi mfundo za manja.

Pali chinanso chimene dziko lonse linaphunzira kuchokera ku Lilongwe konkuno. Mu 1997 magazini ya zachipatala ya The Lancet inasindikiza kafukufuku wa Myron Cohen wa ku University of North Carolina pamodzi ndi anzake, wochitika pakati pa abambo a mumzindawu. Anapeza kuti mwa abambo omwe ali ndi HIV, amene ankatuluka mafinya anali ndi HIV yochuluka kasanu ndi katatu mu umuna wawo kuyerekeza ndi amene sankatuluka mafinya. Atapatsidwa mankhwala opha mabakiteriya, patangotha masabata awiri HIV ija inali itatsika kwambiri mu umunamo. Kuchiza chinzonono ndi mbali ya nkhondo yolimbana ndi Edzi, n'chifukwa chake kuchipatala amapempha aliyense wobwera ndi matenda opatsirana pogonana kuti ayezetsenso magazi.

Ambiri amaopa chipinda cha dokotala kuposa matenda enieniwo, chonsecho zochitika m'katimo n'zochepa. Dokotala amafunsa kuti zayamba liti, mwagonana ndi anthu angati posachedwapa, kondomu inalipo kapena ayi. Kenako amapempha kuona. Kwa bambo, ngati mafinya sakuoneka, amamuuza afinye pang'ono njira ya mkodzo. Zipatala zathu zambiri zilibe makina oyezera tizilomboti, choncho amatsata zizindikiro n'kupereka mankhwala tsiku lomwelo, wodwala asanasowe. Amabaya jakisoni mmodzi pathako wa chinzonono. Amaperekanso mankhwala akumwa, kawirikawiri doxycycline kawiri patsiku kwa masiku asanu ndi awiri, chifukwa chinzonono chimakonda kuyenda limodzi ndi matenda ena otchedwa chlamydia omwe zizindikiro zake n'zofanana. Mayi woyembekezera azinena msanga, popeza doxycycline samuyenera ndipo alipo ena omwe amapatsidwa m'malo mwake. Malangizo amakhala akuti osagonana kwa masiku asanu ndi awiri, ndiponso mpaka mnzanu atalandira ndi kumaliza mankhwala ake. M'zipatala za boma zonsezi n'zaulere.

Pomaliza dokotala amang'amba kapepala n'kupereka: "Aka mukawapatse akunyumba, abwere nako." Pakapepalapo sipalembedwa dzina la wodwala, pamangokhala chizindikiro chomwe achipatala amamva. Wobwera nako amalandira mankhwala ngakhale asakumva kupweteka paliponse. Ndi timapepala tingati timene timafikadi kwa eni ake? Tambiri timathera m'thumba la thalauza mpaka tsiku lochapa, tina timatayidwa pageti pachipatala pomwepo. Bambo amamaliza mankhwala ake mobisa, sabata yonse akunamizira kutopa, kenako amabwerera kwa mkazi amene anamupatsira kale matenda, n'kuwatenganso. Mwezi usanathe wabwereranso pamzere, akudandaula kuti jakisoni wa boma ndi madzi.

Ena safika n'komwe kuchipatala. Amapita pabenchi pamsika kapena kugolosale, kumene makapisozi amagulitsidwa mowerenga, awiri kapena anayi malinga ndi ndalama zomwe uli nazo, atakhala padzuwa masiku osadziwika. Wogulitsa samafunsa funso. Kuwotcha kukangochepa munthu amaleka kumwa, otsalawo n'kusungira mnzake. Mlimi aliyense amadziwa zomwe zimachitika ukasungunula mankhwala a mbozi ndi madzi ochuluka pofuna kuti akwanire munda wonse: mbozi zofooka zimafa, zolimba zimatsala n'kuswana, chaka chamawa mankhwala aja sagwiranso. Chinzonono ndi katswiri pa zimenezi. Makamaka chikabisala kukhosi, kumene munthu samva chilichonse ndipo mankhwala safikako mokwanira, chimatolera nzeru zopewera mankhwala kwa mabakiteriya ena achibale ake omwe amakhala kumeneko.

Mbiri yake ndi mndandanda wa mankhwala ogonja. M'zaka za m'ma 1930 ankachiza ndi mankhwala a sulfa, koma sanakhalitse. Penicillin anabwera m'zaka za m'ma 1940 n'kuoneka ngati wathetsa nkhani, mpaka mu 1976 pamene kunapezeka mtundu wa chinzonono womwe umaphwanya penicillin yemweyo. Tetracycline anatsatira. Ciprofloxacin, yemwe ambiri amamudziwa kuti cipro ndipo akumugulabe m'mafamase, ku America anasiya kumudalira pa matendawa mu 2007.

Malawi anayenda njira yakeyake. Kuyambira mu 1993 dziko lino linadalira jakisoni wa gentamicin wa mamiligalamu 240, wotsika mtengo, ndipo linali limodzi mwa mayiko ochepa kwambiri ochita zimenezi. Anagwira ntchito zaka zoposa 20. Koma kafukufuku wa UNC Project, nthambi ya University of North Carolina ija, pachipatala cha Bwaila ku Lilongwe, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2022, anaonetsa kuti tizilomboti sitikumumvanso gentamicin monga kale. Jakisoni amene WHO ikulimbikitsa panopa ndi ceftriaxone, ndipo kuseri kwake kulibe mankhwala ambiri odikira. Nayenso wayamba kugwedezeka. Mu 2009 ku Kyoto m'dziko la Japan kunapezeka mtundu wosamva ceftriaxone, ndipo mu 2018 bambo wina ku England, amene anatengera matendawa kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, anapezeka ndi mtundu wosamva mankhwala onse awiri odalirika nthawiyo mpaka anachita kumubaya mankhwala ena amphamvu a ertapenem kwa masiku atatu. Mankhwala oterewo simungawapeze pachipatala chaching'ono cha kumudzi. Malawi ali m'gulu la mayiko omwe akugwira ntchito ndi WHO m'ndondomeko ya EGASP, yotenga mafinya a odwala n'kumawayeza kuti aone mankhwala omwe akugwirabe.

Nkhani yabwino ilipo ndithu. Mankhwala atsopano akumwa kamodzi kokha otchedwa zoliflodacin anayesedwa pa anthu oposa 900 m'mayiko asanu kuphatikizapo South Africa, ndipo zotsatira zomwe zinalengezedwa mu 2023 zinali zolimbikitsa. Ku England mu Ogasiti 2025 anayamba kupereka katemera wa matenda oumitsa khosi kwa anthu omwe ali pachiopsezo chachikulu cha chinzonono, atapeza kuti amatetezako pafupifupi anthu atatu kapena anayi mwa khumi alionse. Koma zoterezi zimatenga zaka kuti zifike ku Nsanje kapena ku Chitipa, ndipo mankhwala atsopano akadzagwera m'manja mwa wogulitsa makapisozi awiriawiri adzatha mphamvu ngati anzawo aja.

Zomwe tili nazo m'manja lero ndi kondomu, chipatala, ndi kulimba mtima kolankhula. Chovuta kwambiri ndi chachitatuchi, ndipo palibe chifukwa chonamizira kuti n'chophweka. Mayi wina akapereka kapepala kaja kwa mwamuna wake amalandira makofi, ngakhale matendawo anabwera ndi mwamunayo. Amene akuopa zotere awauze achipatala asanatuluke m'chipinda, kuti athandizane njira ina yomuitanira mnzakeyo. Abambo ambiri alibe chifukwa chotero, chawo ndi manyazi basi, ndipo manyazi a tsiku limodzi sangafanane ndi chiberekero cha munthu.

Ngati mwalandira kapepala kameneka sabata ino, kaperekeni lero kwa aliyense amene mwagonana naye m'miyezi iwiri yapitayi, wakunyumba ndi wakumbali yemwe. Ngati zizindikiro sizinathe patatha sabata mutalandira mankhwala, bwererani kuchipatala komweko ndi kabuku kanu, osati kumsika. Ndipo mayi amene khanda lanu ladzuka maso atatupa ndi mafinya, musadikire tsiku la sikelo, nyamukani lero lomwe.