Ukalamba suletsa kukwera ku Chitipa wapansi

Masiku ano munthu wa zaka 65 akanena kuti akufuna kuchoka pa Karonga Boma wapansi mpaka ku Chitipa, chikwama chili kumsana, ana ake angaganize kuti mutu wayamba kusokonekera. Minibasi zilipo, msewu ndi wa phula, ndiye kudzizunza kwake n'kotani?

Komatu njira imeneyi, yomwe ndi ya makilomita pafupifupi 100, idatsegulidwa ndi mapazi a anthu. M'chaka cha 1881 injiniya James Stewart adayamba kulambula msewu wa Stevenson, wochoka ku Karonga kulowera ku nyanja ya Tanganyika, ndi ndalama za James Stevenson wa ku Glasgow. Stewart adamwalira mu 1883 ntchito isanathe, koma amtengatenga adapitiriza kudutsa momwemo atasenza katundu wa kampani ya African Lakes. Ngakhale sitima ya amishoni yotchedwa Good News idakwera zitunda zimenezi ili zidutswazidutswa pamitu ya anthu.

Wachikulire wofuna kuponda m'mapazi mwa makolowa angathe, bola asapikisane ndi anyamata. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo kuchita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pasabata, ndipo kuyenda ndawala kuli m'gulu lomwelo. Woyamba kumayenda tsiku ndi tsiku kwa miyezi iwiri kapena itatu, n'kumawonjezera mtunda pang'onopang'ono, ndiye amene angakafike.

Chachikulu ndi kusankha nyengo. Ku Ulaya oyenda maulendo otere amadikira kuti chisanu chithe, koma kuno mdani ndi dzuwa ndi madzi. Ku Karonga mvula imachedwa kusiya, ndipo mitsinje ngati North Rukuru imasefukira nthawi ya dzinja. Kuyambira Okutobala nako kumawotcha koti nkhalamba ingakomoke panjira. Nthawi yabwino ndi Juni mpaka Ogasiti, pansi pataphwa, kunja kukuzizira.

Njirayi ndi yokwera. Karonga ali m'mbali mwa nyanja, mamita osafika 500 kuchokera pomwe pamalekezera nyanja yamchere, pomwe Chitipa ali pafupifupi mamita 1,300. Makilomita 15 patsiku ndi okwanira, kutanthauza sabata imodzi. Nyamukani kusanache, ikamakwana 10 koloko mukhale pamthunzi. Mukafika ku Mpata, komwe kudali linga la Mlozi, wogulitsa akapolo yemwe adanyongedwa mu 1895, mpamene mudziwe ngati nsapato zikukulumani. Nsapato zatsopano si zaulendo, zimabala matuza.

Katundu akhale wochepa kuti maondo asadandaule: bulangete, juzi poti kumtunda kumazizira usiku, neti yoteteza udzudzu, tochi, chipewa, botolo la madzi ndi mankhwala othira m'madzi akumwa. Kamba wake ndi mtedza, mbatata yootcha ndi usipa wouma. Ndodo yabwino imapeputsa thupi potsetsereka. Kumbukiraninso kuti munthu akamakula ludzu samalimva msanga, choncho imwani madzi musanawafune.

Amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, shuga kapena mtima ayambe wakaonana ndi achipatala, ndipo mankhwala awo asatsale. Chifuwa chikayamba kuthina kapena chizungulire chikabwera, ulendo wathera pomwepo. Kukwera galimoto yobwerera si manyazi.

Pali chinanso chomwe mabanja asachipeputse. Boma la Karonga lamvekapo kangapo ndi nkhani za okalamba ozunzidwa kapena kuphedwa powaganizira ufiti, ngakhale lamulo la mu 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti. Nkhalamba yachilendo yotulukira m'mudzi chisisira ili yokha ingakumane ndi zosaona. Yendani awiri kapena atatu, mdzukulu mmodzi akhalepo, mutenge chiphaso chaunzika, ndipo mukafika pogona yambani mwakaonekera kwa amfumu. Moni wa "mwaghona" amatsegula zitseko zambiri kumeneko.

Ana nawo ali ndi mbali yawo. M'malo mowakaniza agogo, athandizeni kukonzeka, muwapatse foni yokhala ndi mayunitsi ndipo mugwirizane nthawi yoimbirana madzulo aliwonse. Paja akuluakulu adati pang'onopang'ono ndi mtolo. Atafika ku Kapoka n'kuona mapiri a Misuku patsogolo pawo, agogowo adzakhala ndi nkhani yosimbira adzukulu chaka chonse.