Musanasamutse Imelo ya Kampani, Kumbukirani Makina a Fotokope

Pa zipangizo zonse zimene zimatumikira m'ofesi, palibe chimene chimaiwalika msanga ngati makina a fotokope, amene masiku ano, kuwonjezera pa ntchito yawo yakale yochulukitsa mapepala, amasikananso zikalata ndi kuzitumiza okha pa imelo. Ndipo akuluakulu a kampani akagwirizana zosamutsira imelo yawo kwina, kaya ku Google Workspace kaya ku Microsoft 365, amawerengera antchito onse pamodzi ndi makompyuta ndi mafoni awo, koma makinawa sawakumbukira, kufikira m'mawa umene mlembi adzaika chikalata pagalasi, nadikira, osaona chikufika.

Gwero la vutoli ndi lakale. Makina a Canon, Ricoh, Kyocera kapena Konica Minolta amatumiza makalata potsata njira yotchedwa SMTP, imene Jon Postel adailongosola m'chaka cha 1982, pamene ogwiritsa ntchito netiweki anali ochepa ndi okhulupirirana. Tsiku limene katswiri adakhazikitsa makinawo, adalemba m'kati mwa aliwonse dzina la seva, nambala ya port, imene kawirikawiri imakhala 25, 465 kapena 587, dzina la akaunti ndi pasiwedi yake. Ndipo kuyambira pamenepo makinawo ali ngati mesenjala wokalamba wodziwa positi ofesi imodzi yokha, amene adzapitabe kukagogoda pakhomo pomwepo ngakhale eni ake adasamuka kale. Kampani yokhala ndi makina makumi atatu m'nthambi zosiyanasiyana iyenera kuwakonza onse, amodziamodzi.

Koma kulemba adiresi yatsopano sikukwanira, pakuti makampani aakulu osunga imelo, poopa akuba, sakhutiranso ndi pasiwedi yokha. Google idatseka njira imeneyi pa Gmail mu 2022 ndi pa Workspace mu 2025. Microsoft idaitseka pa mbali zambiri za Exchange Online, imelo ya Microsoft 365, mu 2022, nilengeza kuti idzaitsekanso pa SMTP. Tsopano amafuna njira ya OAuth ndi chitetezo cha TLS 1.2, zimene makina ambiri akale sazidziwa konse. Ndipo kalata ikatuluka popanda umboni wa SPF kapena DKIM, wotsimikiza kuti yachokeradi ku kampaniyo, imakanidwa kapena kuponyedwa pamodzi ndi makalata achinyengo.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wanzeru ayambe walemba makina onse, mtundu wake, kumene ali, ndi amene akusunga pasiwedi ya woyang'anira, imene nthawi zambiri idapita ndi katswiri amene adasiya ntchito kalekale. Kenaka afunse ogulitsa makinawo ngati pali firmware (pulogalamu ya m'kati mwa makina) yatsopano, poti safunsa adadya phula. Koposa zonse, akhazikitse seva imodzi ya mkhalapakati, yotchedwa SMTP relay, yokhala ndi dzina la kampani yomweyo, kuti makina onse azipereka makalata awo kwa iyo, iyo n'kumawapititsa kwa wosunga imelo aliyense amene wasankhidwa. Motero, ikadzafika nthawi yosamukanso, adzasintha pamalo amodzi okha. Google ndi Microsoft onse awiri amalola njira imeneyi, ndipo imapulumutsa makina akale amene akadatayidwa akadali ndi mphamvu.

Akaunti yakale isatsekedwe tsiku losamuka lomwelo. Makina amodzi ayesedwe poyamba, atumize chikalata kwa wantchito wa m'kati ndiponso kwa munthu wakunja, chaching'ono ndi chachikulu chomwe, pokumbukira kuti Gmail kawirikawiri simatumiza chikalata choposa 25 MB monga chomata pa kalata.

Inu eni makampani ndi oyang'anira maofesi, musasaine pangano latsopano musanaone mndandanda wa makina anu, ndipo musalole kuti seva yakale izimitsidwe makina otsiriza asanatumize kalata yawo bwinobwino.